Ndinadalira Manyazi a Apongozi

Musanandimvere ine, yang'anani kaye amayi akhala pampando apawa, amene amanga chitenje pamwamba pa siketi ya kuofesi. Amenewa ndi amayi Sakala, apulosikyuta, oimira boma pa milandu kukhoti. Ndiwo anandimangitsa ine. Tawaomberani m'manja, chifukwa ntchito anaigwira bwino. Lero tabwera kuno ku Vubwi m'galimoto imodzi, tikubenthulirana chimanga chootcha. Mukuseka, koma afunseni.

Dzina langa ndine Yobe, kwathu amanditchula kuti atate ake a Tisa. Ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kuseri kwa Sinda. Apongozi anga aakazi, aNabanda, ndi amasiye, ndipo amuna awo anawasiyira ana a ng'ombe awiri aamuna. Amene anawaphunzitsa goli ndine. Wakuda ndinamutcha Bulaki. Wofiira, wa nyanga imodzi yopindikira pansi, ndinamutcha Sitima, chifukwa akangoyamba kukoka pulawo sankadziwa kuima. Sitima ndinalibe naye ntchito ya chikwapu, ndinkangoyankhula iye n'kumva.

Mwambo wathu ndi womwewo wa kuno: mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kufunda chitenje kumutu atafulatira. Dzina langa silinatulukepo pakamwa pawo. Akafuna ntchito ankauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo ndikumva: "Uwauze atate ake a Tisa kuti munda wa kudambo wafewa." Inenso n'kuyankha kwa mkazi wanga yemweyo kuti, "Uwauze amayi kuti mawa ndilawira." Timalemekezana chomwecho, ndipo pakhomo panali mtendere.

Mowa unalowera pa ganyu. Ukalimira munthu, pomaliza amakupatsa kabotolo ka kachasu kuti uchotse fumbi kukhosi. Kabotolo kanakula, kanabala anzake. Posakhalitsa ndinayamba kuuza eni minda kuti malipiro angowasiya kwa amake Joni, mayi wotcheza kachasu amene nyumba yake ili pamphambano, pansi pa mtengo wa mango. Ndinkaima pamenepo popita, ndinkaima pobwera. Ndikagona m'ngolo, ng'ombe zinkandifikitsa zokha kunyumba ngati thumba la chimanga.

Tsiku lina mkazi wanga anatenga ngolo kupita kuchigayo. Atafika pamphambano, Sitima anakhota yekha, n'kukaima pansi pa mango paja, phee. Mkazi wanga anakoka chingwe, anakalipa, anamenya, koma ng'ombe inkadikira kuti wina atsike kaye akamwe. Azibambo amene anali pamenepo anaseka mpaka kugwa pa mabenchi. Iye anabwera kunyumba maso ali psuu, n'kundiuza kuti, "Atate ake a Tisa, mwaphunzitsa mowa ndi ng'ombe zomwe. Ine ndibisale kuti?" Ine ndinasekanso, uchitsiru wake.

Kenako ndinasiya ng'ombe zili pagoli tsiku lonse padzuwa, osamwa madzi, ine ndili gone kuseri kwa nyumba ya amake Joni. Bulaki anatupa khosi. Mawa lake uthenga unadzera kwa mkazi wanga: atate ake a Tisa asagwirenso goli, ng'ombe aziyendetsa alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga. M'malo mochita manyazi, ndinapsa mtima. Pa mowa ndinkadziguguda pachifuwa kuti ng'ombezo ndi zanga, anaziphunzitsa ndani? Anzanga ankavomereza zonse malinga ngati botolo likuzungulira. Ndiwo anandipezera munthu wogula ng'ombe zokapha ku Katete.

Kunali chilimwe, masana dzuwa likuswa mtengo, ng'ombe zili kudambo. Sindinatenge ndi chingwe chomwe. Ndinangoimba likhweru n'kuitana, Sitima anadzutsa mutu n'kunditsata mpaka kumsewu kumene galimoto inali kudikira. Pokwera anachita mantha, anabwerera m'mbuyo. Ndinamusisita pakhosi n'kumuuza kuti, "Tiye, Sitima," iye n'kukwera. Chimenechi chimandiwawabe mpaka lero. Ng'ombe ija inakwera chifukwa inandikhulupirira.

Galimoto sinafike kumene inkapita. Apolisi anaiimitsa panjira, wogula analibe chilolezo choyendera ndi ng'ombe, ndipo atamupanikiza anatchula ine. Kondipeza sanavutike, anangofunsa mtengo wa mango.

Ku rimandi, kumene amasunga odikira mlandu, ndinapeza mkulu wina wa m'tauni amene akaidi ankamutcha Loya, chifukwa analowa ndi kutuluka m'ndende mpaka alonda ankamupatsa moni ngati wapantchito mnzawo. Anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Mudala, osavomela. Kana chabe. Mwine wa ng'ombe akapanda kubwela ku khoti, kesi isila yeka. Mwine wake ni ndani?" Ankatanthauza kuti mlandu ungathe wokha. Ndinati ndi apongozi anga aakazi. Nditangotero, ndinaseka koyamba chilowereni m'menemo. ANabanda akaime pamaso pa anthu, andiyang'ane kumaso, andiloze chala, atchule dzina langa? Dziko likhoza kutha. Ndinaona kuti ndapulumuka, ndipo chondipulumutsa ndi ulemu womwewo umene ankandipatsa. Kukhoti ndinaima chilili n'kunena kuti ng'ombeyo sindikuidziwa, wogulayo sindinamuonepo.

Poyamba zinaoneka ngati zikuyenda. Tsiku la mlandu linafika, apongozi osabwera. Anaika tsiku lina, osabweranso. Ndinkabwerera ku rimandi ndikumwetulira, Loya n'kumandimenya paphewa.

Atsibweni anga nawonso anayesa nzeru zawo. Anamanga tambala wamkulu panjinga, ulendo ku ofesi ya amayi Sakala, kukapepesa monga timachitira milandu ya kumudzi. Amayiwa anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, anawamvera mpaka kumaliza, kenako anati, "Tate, tambalayu bwererani naye akakudzutseni m'mawa. Mlandu wakuba ng'ombe si wa pabanja, ndi wa boma. Ngakhale eni ng'ombe sangaufafanize, ndipo mukandisiyira tambala, tonse awiri tipalamula." Akuti pomwepo tambala analira muofesi, kalaliki n'kutaya cholembera. Atsibweni anabwera kudzandiona atanyamulabe tambala m'khwapa, anati, "Mphwanga, akuluakulu sananame, mlandu suwola."

Chimene sindinaganize ndi Sitima. Iye anali atamangidwa pamtengo kupolisi ngati umboni, ndipo sakanamasulidwa mwini wake asanamuzindikire pamaso pa khoti. Nthawi iliyonse imene ine ndinkakondwa kuti mlandu wasunthidwa, ndinali kuwonjezera masiku a ng'ombe pachingwe. Ndiye mvula yoyamba inagwa. Tinaimva pamalata, fungo la dothi n'kulowa pa kazenera. Anzanga a m'tauni anakondwa kuti kwazizira. Ine mlimi ndinadziwa kuti kumudzi anthu akutulutsa magoli, ndipo m'khola la apongozi mwatsala Bulaki yekha. Ng'ombe imodzi siikoka pulawo. Munda umenewo ndiwo unkadyetsa Tisa ndi azing'ono ake. Ndinazidziwa zonsezi, koma ndinatembenukira kukhoma n'kumati mawa apongozi asabwerenso.

Amayi Sakala akanatha kungotumiza apolisi kuti akatenge mboni yokana kubwera. Sanatero. Anapita okha kumudzi, ndipo izi anandisimbira mkazi wanga pambuyo pake. Galimoto anaisiya kumsewu, anamanga chitenje, n'kukhala pansi pamphasa pamene apongozi ankasenda nsawa za mbewu, nawonso n'kuyamba kusenda. Atacheza za mvula ndi za miyendo yowawa, ndi pamene anafunsa.

Apongozi anati, "Mwananga, sindikukana boma. Koma ndikaima bwanji maso ndi maso ndi mkamwini? Wandilakwira, inde, koma ndi bambo wa adzukulu anga. Dzina lake sindinalitchulepo."

Amayi Sakala sanawaseke, sanawauze kuti mwambowo ndi wachikale. Anati, "Amayi, mwambo umenewu ndinakulira momwemo. Kukhoti simukayankhula ndi iye, mukayankhula ndi amajisitireti, ndipo mukayang'ana iwowo. Womuloza chala alipo kale, ndi wogula uja. Inu mukaloza ng'ombe yanu basi, kuti ibwere idzalime."

Mukuona uchitsiru wanga? Linga lonse limene ndinabisalamo linalibe ndi khoma lomwe.

Tsiku limenelo ndinalowa m'khoti ndili ndi mtima womwe uja. Nditakweza maso ndinaona mkazi wanga, ataonda mpaka chitenje kuzungulira kawiri, ndipo pambali pake panali munthu wofunda kumutu. Anali aNabanda. Apongozi analumbira atayang'ana kutsogolo, ine akundipatsa msana. Anafotokoza za nyanga yopindika, za khutu lodulidwa kunsonga, za chipsera cha goli pakhosi. Amayi Sakala anafunsa ngati analoleza munthu aliyense kugulitsa ng'ombeyo. Anati iyayi. Kenako amajisitireti anati khoti lonse lituluke panja likaone ng'ombe.

Anali atamubweretsa pansi pa mtengo kuseri kwa khoti, wapolisi atagwira chingwe. Sindinamuzindikire msanga. Nthiti zonse zinali pamtunda, mutu uli pansi, ntchentche zitadzaza m'maso. Apongozi anayandikira n'kumugwira pamsana, anati, "Ndi yomweyi, bwana. Dzina lake ndi Sitima."

Popeza ndinalibe loya, amajisitireti anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndili ndi funso kwa mboni. Funso kwa apongozi, ine? Ndinatsokomola, n'kuyamba kuti, "Bwana, ine ng'ombe iyi..."

Sindinamalize. Sitima anaimika makutu. Anadzutsa mutu, analira kamodzi, n'kuyamba kubwera, akukoka wapolisi uja ngati pulawo. Anadutsa pakati pa anthu, anafika pamene ndinaima, n'kuika mphuno yake m'manja mwanga momwe munali unyolo. Kenako anatsitsa khosi, monga ankachitira m'mawa uliwonse podikira goli.

Anthu anaseka. Wapolisi anaseka. Amajisitireti anaphimba pakamwa ndi pepala. Munthu amene analumbira kuti ng'ombe sakuidziwa, ng'ombe ikumunyambita zala. Ine sindinaseke, ndinkamva mpweya wake wofunda m'manja.

Phokoso litatha, apongozi anayankhula, adakali chifulatire, mawu ali pansipansi. "Bwana, ndipempheko. Muwauze atate ake a Tisa kuti Bulaki sangalime yekha. Anzathu chimanga chamera, ife munda udakali tsala. Amene adzagone ndi njala ndi ana awo."

Sanatukwane. Sananene kuti wakuba. Pamalo pamene ndinawakokera kuti achite manyazi, iwo ankanditchulabe mwaulemu, kudzera mwa munthu wina, monga pakhomo. Ndikanakonda akanandimenya ndi mpini. Ndinalira ngati mwana, mamina ndi misozi, pamaso pa anthu onse aja. Ndinati, "Bwana, ndinanama. Sitima ndinamulera ndine, ndinamugulitsa ndine. M'masuleni akalime."

Titabwerera m'kati, amayi Sakala anaimirira n'kupempha khoti kuti ng'ombe iperekedwe kwa mwini wake tsiku lomwelo. Anauzanso khoti zoona zake, kuti aka kanali koyamba ine kupalamula. Sanawonjezere, sanachotsere. Lamulo la kuba ziweto silinyengerera, ndinapatsidwa zaka, osati miyezi. Koma pokwera galimoto ya kundende ndinaona alamu anga akutuluka pachipata ndi Sitima, ndipo ndikuuzani zoona, mtima wanga unapepuka kuposa tsiku lililonse la ku rimandi.

M'ndende masabata oyamba thupi linkafuna kachasu. Manja ankanjenjemera mpaka phala kutayika. Zinatha pang'onopang'ono. Anandiika kumunda wa ndende, ndipo ndinagwira ntchito ngati munda ndi wanga, chifukwa ndikatopa mutu sunkayendayenda. Ndinalowa kagulu ka mapemphero, ndinaphunzira kulima ndiwo zamasamba ndi kupanga manyowa. Loya ndinasiya kukhala naye pafupi. Nthawi yokolola itapita, mkazi wanga anabwera koyamba, atanyamula nsawa zokazinga m'kapepala. Anati, "Tinabzala mochedwa, koma tapata. Amayi akuti ndikuuzeni kuti mulaweko za Sitima." Nsawa zimenezo ndinkadya imodziimodzi, sindinagawireko munthu.

Nditatuluka sindinathamangire kwa mkazi wanga ngati ndikuchokera kumigodi ya ku Joni. Ndinapita kwa atsibweni. Iwo anagwira tambala, mdzukulu wa uja anakanidwa ku ofesi, n'kupita naye kwa ankhoswe. Uko ndiye kunali kwake kwa tambala, ndipo analandiridwa. Anthu m'mudzi ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ameneyu sakhalitsa. Yankho la apongozi linadzera kwa mkazi wanga: abwere, koma agwire khasu, goli ayi. Ndinagwira khasu dzinja lonse, ndikuona alamu anga akulima ndi ng'ombe zimene ndinaphunzitsa ndekha, ndipo sindinadandaule.

Inu amene mowa wakugwirani pakhosi, mverani zimene zinandithandiza, si zamatsenga. Ndikapita paganyu ndimanena ndisanayambe kuti kabotolo ayi, mundipatse thobwa. Malipiro amalandira ndi mkazi wanga, ine m'thumba mumakhala mpango basi. Anzanga a pa mango ndimawapatsa moni ndili chiyendere. Ndipo tsiku limene khosi layamba kuyabwa, chifukwa limayabwabe, sindibisa, ndimauza mkazi wanga kuti lero mundipatse ntchito yambiri. Amandipatsadi, mayi ameneyu alibe chisoni.

Amayi Sakala ndinakumana nawonso pa msonkhano ngati uno, pabwalo la sukulu kwathu, atabwera ndi anzawo kudzaphunzitsa anthu za milandu. Ndinabisala kumbuyo. Bambo wina atafunsa ngati munthu angapulumuke pongokana mlandu, dzanja langa linakwera lokha. Amayiwa anandiyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti, "Kodi Sitima ali bwanji?" Kuyambira pomwepo akamapita m'midzi amanditenga. Iwo amanena za malamulo, ine ndimanena za ng'ombe. Ndiye ngati mwaitanidwa kukachita umboni ndipo pali chokuopsani, kaya ndi mwambo, kaya ndi achibale, musabisale kumunda. Pitani mukawauze anthu awa, amamva Chichewa ndipo amadziwa kukhala pamphasa. Ngati mwapalamula ndinu, dziwani kuti pamene mukukana pali wina amene wamangidwa pamtengo chifukwa cha inu. Kwa ine inali ng'ombe ndi ana anga.

Ndimalize ndi za goli. Chaka chathachi mwendo wa apongozi unatupa, alamu anga ali ku Chipata. M'mawa ndinamva akuuza mkazi wanga kuseri kwa nkhokwe kuti, "Uwauze atate ake a Tisa amange ngolo, andiperekeze kuchipatala." Ndinathamangira kukhola ngati mnyamata. Sitima, imvi zitayamba kumphuno, anatsitsa khosi ndisanamuuze. Apongozi anakwera kumbuyo atayang'ana kumene tikuchokera, mkazi wanga pakati, ine kutsogolo.

Njira ya kuchipatala ndi imodzi, imadzera pamphambano paja. Alamu anga anali atandiuza kuti zaka zonse zimene ndinali kundende, Sitima sanakhotepo pamenepo. Koma tsiku limenelo ankamva mawu anga kumbuyo kwake. Titangofika, anakhota bwinobwino, akukoka ndi Bulaki yemwe, n'kukaima pansi pa mango, phee.

Amake Joni anatuluka. Anzanga akale anali pa mabenchi omwe aja, ndipo mmodzi anakuwa kuti, "Yobe, ng'ombe yakubweretsa yokha, tsika ulawe!" Fungo lija linandimenya m'mphuno. Mkazi wanga anagwira m'mphepete mwa ngolo, apongozi sanatembenuke.

Ndinatsika. Ndinamva mkazi wanga akukoka mpweya. Ndinapita kutsogolo, ndinagwira nyanga yopindika ija, n'kumuuza Sitima kukhutu kuti, "Mkulu wanga, pano tinasamuka. Tiye." Anandiyang'ana pang'ono, kenako anatembenuka, ndipo ndinamutsogolera wapansi mpaka tinabwerera mumsewu.

Ndili chiyendere choncho ndinamva kuseka kumbuyo. Apongozi anali kuseka mpaka kutsokomola, chitenje chitagwera pamapewa. Kenako anayankhula, osadzera kwa mwana wawo, osadzera kwa amajisitireti: "Atate ake a Tisa, kwerani, dzuwa lakula. Mwaiphunzitsa bwino."

Chikwatirire m'mudzi umenewo, amenewo anali mawu oyamba kundiuza ine mwini. Ndinayang'ana pansi n'kuti, "Zikomo, amayi." Ndinakwera, ndipo njira yonse mkazi wanga ankanditsina m'nthiti kuti ndisiye kumwetulira ngati wopenga.

Mwendo unapola, goli linabwerera m'manja mwanga, ndipo chaka chino Tisa wayamba kugwira pulawo. Sitima mpaka lero tikafika pamphambano paja amachepetsa liwiro, n'kutembenuzira khutu kwa ine kuti amve. Ndimamuuza kuti tiye, ndipo timapita.